Mlamba wa m'mimba, mwana wa kumsana

Uthenga unandipeza ndili chowerama, khasu m'manja, ndikukumba mbatata kudimba, uko kumunsi kwa Ndamera kumene madzi akaphwa amatisiyira dothi lakuda bii. Dzuwa linali lisanafike pamutu koma nthaka inali itayamba kale kuotcha mapazi. Ndinamva belu la njinga, kenako mawu a mayi uja wogulitsa nsomba zouma, amene amayenda pakati pa Mbenje ndi kwathu kawiri pa sabata. Sanatsike n'komwe. Anangoponda phazi limodzi pansi, dengu likugwedera kumbuyo, nati, "Agogo, siyani khasulo. Mdzukulu wanu wamumanga mwana kumsana. Ndamuona ndi maso angawa, akusesa pabwalo, mwana ali m'tulo kumbuyo."

Ndinati bwerezani. Anabwereza. Ndinati bwerezaninso, mwalankhulira khutu lakumanzere, silisunga mawu. Anaseka nabwerezanso.

Miyendo inayamba kuvina ndisanaiuze. Ndinathamanga kufika pamsewu, ndinabwerera kukatenga khasu, ndinafikanso pamsewu, ndinakumbukira mbatata, ndinati mbatata zidye mbuzi, ndinabwererabe kukazikwirira. Ndinaimba nyimbo yopanda mutu, ya mawu awiri okha, kumsana, kumsana, mpaka azimayi a m'madimba oyandikana anaweramuka kuti aone ngati dzuwa landilowa m'mutu.

Wina anganene kuti nkhani ili pati apa, popeza mkazi aliyense m'chigwa muno amabereka mwana wake kumsana, akamalima, akamatunga, akamakangana ndi mwamuna wake. Koma mwana ameneyu anali ndi miyezi isanu, ndipo msana wa mayi wake anali asanaudziwe. Amene anachititsa zimenezo, ndikamafufuza bwinobwino, ndi anthu awiri. Wachiwiri ndi apongozi ake. Woyamba ndine.

Mdzukulu wangayu ndi mwana wa mwana wanga wamkazi, amene anatisiya kamtsikanako kali ndi zaka zinayi. Ndinakalera ine, pamphasa panga, m'mbale mwanga. Kanagwa koyamba chaka chimene kanayamba sukulu, tikutola thonje. Kanangouma thupi lonse, maso m'mwamba, thovu kukamwa, miyendo ikupalasa fumbi. A m'munda woyandikana anathawira kochokera mphepo, poti amati ukapuma mpweya wa munthu wotere nawenso umayamba kugwa. Ine sindinathawe. Izi ndinene msanga, chifukwa zolakwa zanga zikubwera: sindinathawe, sindinakapatulire kapu, sindinakapatulire mbale.

Koma ndinali ndi lamulo limodzi, la amayi anga, amene nawo analitenga kwa amayi awo kutsidya kwa Shire. Matenda amenewa ali ndi makutu, ukawatchula amayankha. Choncho m'nyumba mwathu dzina lake silinkamveka. Tinkangoti zija. Zija zabwera, zija zapita, zija zamusiya mwezi wathunthu.

Tsiku lina, kali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, kanandikoka chitenje ndikupeta mapira. "Gogo, m'mimba muli mlamba. Ukutembenuka." Ndinakaseka, ndinati wadya malambe ambiri iwe. Ndisanamalize kupeta, kanagwa. Ulendo wachiwiri kananenanso za mlamba, ndipo kanagwanso. Apa m'pamene mutu wanga unayenda chambuyo. Sindinaganize kuti mwana akumva zija zikubwera. Ndinaganiza kuti mwana akuziitana. Ulendo wachitatu, katangoyamba kuti Gogo, ndinaika dzanja pakamwa pake, dzanja lomweli likulembali, ndinati, "Khala chete. Usadzanenenso. Ukuziitana ndiwe."

Kanali kamwana komvera. Sikanadzanenenso.

Kuyambira pamenepo mlonda anali maso anga. Ndinkamuyang'ana nkhope ngati mmene timayang'anira madzi a Shire mvula ikagwa kumtunda. Akamadya ndikuyang'ana, akamaseka ndikuyang'ana, akakhala phee ndiye ndimaimirira. Ndinkadzitama kuti thupi la mwanayu ndimalidziwa kuposa mwini wake. Koma maso ndi awiri okha ndipo onse amaloza mbali imodzi. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri anagwera pamoto wowambira nsomba, ine nditangotembenuka kukathamangitsa mbuzi, ndipo mkono wakumanja unapsa kuyambira pachigongono mpaka padzanja. Chilonda chimenecho ndicho chinatifikitsa kuchipatala cha ku boma, kumene anatiyambitsa timapiritsi toyera, mwezi ndi mwezi. Zija zinachepa. Sizinathe, koma zinachepa, moti mwana anakula, nanenepa, nakhala ndi mwendo wabwino pa gule.

Anamufunsira bambo wina wokonza njinga pamsika wa ku Mbenje. Iyeyu ankadziwa zonse, poti anamuonapo atagwa pamsika pomwepo, ndipo m'malo mothawa anavula malaya n'kumuikira kumutu. Koma abale ake atabwera kudzakamba za ukwati, atandifunsa ngati mwana ali ndi vuto lililonse, ndinati amadwaladwala mutu. Sindinakonzekere kunama. Pakamwa panga panalibe njira yodutsa dzina lija. Iwo ndi Asena enieni, mkazi amapita kwa mwamuna ndipo ana ndi a kuchimuna, choncho mdzukulu wanga anapita kukakhala pabwalo la apongozi ake, amene ine ndimawatchula asewere. Ndi mayi wamtali, wolankhula pang'ono, wosesa pabwalo kawiri pa tsiku. Mutu umene ndinawauzawo anakauonera pamjigo, mpongozi wawo atagwa ndi ndowa yodzaza, anthu ataunjikana patali. Kuchokera tsiku limenelo moni wawo kwa ine unafupika.

Mimba inabwera, inayenda bwino, achipatala akuiyang'anira, ndipo kunabadwa kamtsikana ka tsitsi lambiri. Potuluka kuchipatala asewere anakamanga kumsana kwawo, ndipo sikanatsikenso. Nthawi yoyamwa ikakwana ankabwera nako, n'kukhala pansi maondo atagundana ndi a mpongozi wawo, manja ali kunsi kwa mwana ngati wolandira ufa. Mwana akangosiya bere, amutenga. Kusambitsa iwo, kugoneka iwo, kutonthoza iwo. Nditapita kukadandaula anandiyankha asakundiyang'ana.

"Nkhabe, ayi, asewere. Sindikumumana mwana, ndikumusungira. Akagwa naye pamwala mudzandiumbira wina ndinu?"

Mantha awo anali mantha anga omwe, atangovala chitenje china.

Mdzukulu wanga anayamba kutha. Mwana akalira kuseri kwa nyumba, mkaka unkangotuluka wokha n'kunyowetsa bulauzi, iye manja ali lende. Sankagona, sankamaliza chakudya, ankati mtima ukuthamanga ngati wathawa ng'ona. Zija zinayamba kubwera pafupipafupi. Zikabwera asewere amati mwaona. Akati mwaona, nkhawa imakula. Nkhawa ikakula, tulo timathawa, zija zimabweranso. Ine kuno ku Ndamera ndinkangozungulira nyumba ngati nkhuku yosowa poikira.

Tsiku lotenga mapiritsi ndinakakumana naye ku boma, monga ndinkachitira mwezi uliwonse. Mwana anatsala ndi asewere. Pabenchi tinapeza amayi awiri achilendo, ochokera kumtunda, wina akuyesera Chisena chopunduka chimene chinaseketsa benchi lonse. Anati iwo ndi ofufuza. "Sitinabwere ndi mankhwala atsopano, ndipo sitikulonjeza kuchiza. Tikufuna kumva mmene anthu odwala khunyu amalimvera thupi lawo, ndi mmene mtima wawo umakhalira. Wosafuna asachite, mapiritsi ake alandira chimodzimodzi."

Analitchula dzinalo poyera, pakhonde, masana dzuwa likuswa mtengo. Analitchulanso, analitchulanso. Ine ndinagwira mkono wa mdzukulu wanga n'kuyang'ana benchi lonse, anthu ambirimbiri odwala matenda omwewo, kudikira kuti ayambe kugwa mmodzimmodzi ngati mango. Sanagwe ndi mmodzi yemwe. Bambo wina ankangodya masawu.

Mdzukulu wanga anavomera. Tinalowa tonse m'kachipinda, ndipo wamkulu wa amayi awiriwo anayamba kufunsa.

"Mumagona bwanji masiku ano?"

"Amagona bwino," ndinatero ine.

"Mumakhala ndi nkhawa?"

"Alibe. Nkhawa ndimamusenzera ndine."

"Musanagwe, pali chimene mumamva m'thupi?"

"Samva kanthu, zimangomugwetsa."

Mayiyo anaika cholembera pansi. "Agogo, kodi thupili ndi la ndani?"

"Ndi langa. Ndinalilera ndine."

Anaseka mwaulemu, nati, "Pepani agogo, pansi pa mtengo wa nimu paja pali mthunzi wabwino kwambiri."

Ndinatuluka, koma mthunzi sindinaumve. Ndinakhala, ndinaimirira, ndinakhalanso. Ndinapita pawindo, namwino anandibweza. Ndinazungulira mtengo, ndinamasula duku, ndinalimanganso. Ku Mbenje ndinkadziwa kuti pali maso a asewere, koma m'kachipinda muja munalibe diso ndi limodzi lomudziwa, ndipo ankamufunsa zinthu zimene ine ndinazitsekera m'nkhali zaka makumi awiri. Ndinkangomvetsera kuti ndimva liti mpando ukugwa.

Chimene ndinamva chinali kuseka. Kuseka kwa mdzukulu wanga, kumene ndinali ndisanakumve chibadwire mwana. Kenako iye mwini anasuzumira pakhomo. "Gogo, bwerani. Ndawapempha kuti mulowe."

Pa chala chake panali kachipanira kowala kofiira, kamene kamamva kugunda kwa mtima. Anali atamuuza kuti atsinzine, asagwire pachifuwa, asagwire pamkono, angomvetsera mtima wake mkatimo n'kumawerenga kugunda kwake, kenako iwo aone ngati zikufanana ndi za kachipanirako. "Yesani, Gogo," anatero, akundiveka pa chala changa. Ndinatsinzina. Ndinamva kondakitala akukuwa Bangula, Bangula kumsewu. Ndinamva ntchentche. Ndinamva bondo langa lija. Mtima ayi. Atandifunsa kuti ndawerenga kangati ndinati mtima wanga ndausiya kudimba. Tinaseka tonse, koma ine ndinasiya msanga. Munthu wodzitama kuti amadziwa thupi la mnzake, lake lomwe silinamuyankhe.

Ndiyeno mdzukulu wanga anandionetsa pepala. Panali chithunzi cha munthu wopanda nkhope, ndipo anamuuza kuti ajambule pamene amamva zinthu. Pachifuwa anali atapakapaka zofiira. Kunsi kwa mchombo anajambula nsomba ya ndevu. Pakamwa anajambula dzanja la zala zisanu.

"Zofiirazi ndi mantha," anatero. "Ndimati ng'oma. Uwu ndi mlamba uja."

"Mlamba uti? Si unasiya uli mwana?"

"Sunachoke, Gogo. Zaka zonsezi umabwera. Ndinangosiya kunena."

Sindinafunse za dzanja. Anandiuza yekha, mofatsa, ngati akundiuza kuti kunja kwatentha. "Ili ndi lanu."

Ndinayang'ana chipsera cha pamkono pake, chimene ndinachitsuka ndekha, ndinachipaka mankhwala ndekha, ndinachipemerera ndekha. Ndinafunsa ngati tsiku la pamoto lija anaumva. Anati anaumva. Anati anandiyang'ana ndikuthamangitsa mbuzi, anatsegula pakamwa, anatsekanso. Ndinati nanga bwanji sunangosuntha wekha, kuchoka pamoto? Anati ankaopa kuti kusuntha nakonso ndi kuitana.

Mmodzi wa amayi ofufuza aja anangondikankhira kapu ya madzi. Zimene anapeza pa kufufuza kwawo sindikuzidziwa, anapita ndi mapepala awo kumtunda ndipo sindinawaonenso. Chimene anatisiyira ndi funso limodzi, limene wamkulu uja anafunsa pomaliza. "Ng'oma ya pachifuwa ndi mlamba wa m'mimba, kodi n'chinthu chimodzi?" Mdzukulu wanga anati sadziwa, amazisokoneza, mtima ukangothamanga amaganiza kuti basi ndikugwa, ndipo kuganizako kumauthamangitsa kwambiri. Mayiyo anati, "Palibe angakuuzeni, ngakhale ife. Mwini wake ndinu."

Adokotala opereka mapiritsi tinawafunsa tsiku lomwelo. Anati kutchula sikuitana, ndipo malovu kapena mpweya sizipatsira. Anati ena amamva chizindikiro, ena samva, ndipo ngakhale womva, tsiku lina zimatha kubwera mwakachetechete, choncho mapiritsi asadumphe. Poyamwitsa akhale pansi pamphasa, asasambitse mwana ali yekha, asapite naye kumtsinje kapena pamoto. Akagwa, mugonekeni chammbali, m'kamwa musaikemo kanthu. Koma mwana ndi wake, anatero, azimugwira.

Sindinabwerere ku Ndamera tsiku limenelo. Ndinakwera naye minibasi mpaka ku Mbenje. Asewere tinawapeza akusankha nyemba pakhonde, mwana ali kumsana. Ndinakhala pansi patsogolo pawo.

"Asewere, ndabwera kudzatulutsa mawu amene ndinabisa. Mwanayu sadwala mutu. Amadwala khunyu."

Ndinadikira. Nkhuku zinapitiriza kutola nyemba zotayika. Mdzukulu wanga anali chiimire, ali bwinobwino.

"Mwachedwa," anatero asewere. "Ine ndinakawerengera pamjigo."

"Pali china chimene simunawerenge, chifukwa ndinachitsekera ndine." Ndinawauza za mlamba, za dzanja, za mbuzi.

"Mlamba? Ndiye tiutchere mono, tidyere ndiwo." Sanaseke. "Asewere, munthu wakugwa sadziwa kugwa kwake. Akadadziwa sibwenzi ali ndi chipsera chimenecho."

"Chipsera chimenecho si chake. N'changa, chinangolakwitsa mkono."

Anabwerera ku nyemba zawo. Mwana sanatsike.

Masabata otsatira ndinawakhala ngati wakhalira nyerere. Foni ndilibe, choncho nkhani ndinkazidikira kwa mayi wa nsomba uja, ndipo tsiku lake likakwana ndinkalima mzere wa kufupi ndi msewu wokhawokha. Nkhani zoyamba zinali zoipa. Mdzukulu wanga anayamba kunena, inde, koma ananena katatu konse kuti zikubwera, anagona pamphasa, anthu anadikira, ndipo palibe chinachitika. Asewere anayamba kumufunsa m'mawa uliwonse, "Lero mlamba wadzuka bwanji, kapena wapita kutsidya?" Ndinati ndamuonjezera mwana manyazi pamwamba pa chisoni. Ndinabzala nyemba m'mzere wa chimanga. Ndinathira mchere kawiri. Kutchalitchi ndinayamba nyimbo imene inali itatha kale.

Koma mdzukulu wanga sanasiye. Izi anandifotokozera pambuyo pake. M'mawa uliwonse, asanagwire tsache, ankakhala pamphasa atatsinzina, monga anachitira m'kachipinda muja, n'kumamvetsera. Pang'ono ndi pang'ono anayamba kuzilekanitsa. Ng'oma imayambira m'mwamba ndipo imabwera ndi maganizo, mwana akalira, apongozi akayang'ana, manja amatuluka thukuta, koma ukapuma mofatsa imatsika. Mlamba umayambira kunsi kwa mchombo, wopanda chifukwa, umakwera ndi fungo ngati la nthenga zopsa, ndipo sumva za kupuma. Anati atadziwa kuti ng'oma ndi ng'oma chabe, inayamba kulira motsika, ndipo tulo tinabwerako.

Ndiye tsiku lija la uthenga, nditakwirira mbatata, ndinayenda osasamba, matope ali m'miyendo. Ndinakwera kabaza, ndinatsika poti akuchedwa, ndinayenda, ndinakweranso wina. Njira yonse mtima unkandiuza kuti mwina mayi wa nsomba waona munthu wina, mwina pofika ndipeza mwana atabwerera kumsana kwakale.

Ndinamuonera patali. Anali ataima pansi pa mtengo wa bwemba, chitenje chobiriwira chitamangidwa pachifuwa, timapazi tiwiri tikusuzumira m'chiuno mwake. Ankagwedeza thupi pang'onopang'ono, monga amachitira amayi onse osadziwa kuti akugwedeza. Ndinakhala pansi panjira pomwepo, kenako ndinadzuka n'kulowa pabwalo ndikuvina.

Asewere anandisiya ndivine mpaka ndinatopa, ndiye anati, "Khalani pansi musanatithyolere nkhokwe." Anandifotokozera okha, ndipo anafotokoza ngati munthu woulula mlandu.

Sabata yapitayo, akuyamwitsa, mpongozi wawo anati, "Mayi, landirani mwana. Mlamba." Anapereka mwana ndi manja awiri, anasuntha kuchoka pafupi ndi mbaula, anapinda chitenje n'kutsamira, anagona chammbali. Zinabweradi. Patapita masiku anayi anachitanso chimodzimodzi, ndipo zinabweranso.

"Koma zimenezo sizinanditembenuze," anatero asewere. "Ndinati mwina wangolasa mwamwayi. Dzulo ndiye. Akuyamwitsa ndinaona nkhope yasintha, thukuta pamphumi, ndinatambasula manja kuti ndimulande. Iye anati, ayi mayi, iyi ndi ng'oma chabe, musamutenge. Anandiyang'ana m'maso. Anapuma, anapuma, mwana akuyamwabe. Ine manja ali m'malere ngati wopempha mvula. Palibe chinabwera. Ndinati munthu wodziwa kunena inde, wodziwanso kunena ayi, ameneyo akumva chinachake chimene ine sindingachione pankhope. M'mawa uno ndatulutsa chitenje."

"Takhuta, asewere," ndinatero, m'chilankhulo chawo.

"Musathokoze kwambiri. Ndi pabwalo pano pokha. Kumjigo ayi, pamoto ayi, ndipo pakhale munthu pafupi. Wanena yekha kuti tsiku lina mlamba ungabwere osagogoda. Komanso msana wanga unatopa, mwana wanuyu amalemera ngati thumba la mchewere. Mwafika ndi matope, kodi ku Ndamera madzi anatha?"

"Anathera kwa inu, osesa kawiri pa tsiku."

Apo m'pamene anaseka koyamba chichokere pamjigo.

Ndinapita pafupi ndi mdzukulu wanga. Ndinkafuna kuona mwana, koma maso anga, ozolowera ntchito yawo, anapita pankhope ya mayi. Ndinayang'ana milomo, ndinayang'ana zikope, ndinayang'ana ngati khosi lauma. Iye anandigwira dzanja, lomwe lija.

"Gogo, lekani kundiwerenga nkhope. Ukabwera ndinena."

"Nanga ukabwera osakuuza?"

"Ndiye mudzandigoneka chammbali. Pano onani mwana."

Ndinazungulira kuseri kwake. Kuseri kulibe nkhope yoti uilonde, kuli kamutu ka tsitsi lambiri, kali tsaya pamsana, kakamwa kali yasa. Ndinaima pamenepo, mtima ukugunda, ndipo ndinaumva. Popanda kachipanira, popanda kugwira pachifuwa, ndinaumva. Sindinadziwe ngati ndi ng'oma ya mantha kapena ya gule. Mpaka lero ndikamalemba izi imagundabe, ndipo tsiku la mayi wa nsomba likakwana ndimalimabe mzere wa kumsewu.

Nthungululu zanga zinali zitamveka kale mudzi wonse, ndipo anthu anayamba kulowa pabwalo. Anabwera mwamuna wa mdzukulu wanga, manja ali bii ndi girisi, atasiya njinga ya munthu miyendo m'mwamba. Anabwera apongozi aamuna ndi ndodo yawo, akufunsa kuti kwagwanji ngakhale ankadziwa. Anabwera alamu ake awiri aakazi, wina ali ndi ufa m'manja. Anabwera azakhali a mwamuna wake a kutsidya, amene anangopezeka kuti abwera ndi bwato m'mawa womwewo. Anabwera mayi wa nsomba, amene anatembenuza njinga n'kunditsatira, dengu lisanathe, kuti aone ngati ndifika wamoyo. Anabwera mayi woyang'anira mjigo, amene anaima patali tsiku la ndowa, ndipo tsiku limeneli anagwira mdzukulu wanga paphewa. Anabwera amayi atatu a kwaya ya kutchalitchi kwawo, mmodzi wopanda mawu koma wa m'manja mwamphamvu. Anabwera mkulu wa mpingo, anabwera nkhalamba yosapita kutchalitchi imene inathira ufa pang'ono patsinde pa bwemba osafunsa munthu. Anabwera wa kabaza wachiwiri uja, amene anati sangabwerere asanaone chimene chandivinitsa pachishalo. Anabwera mayi wina wa kuseri kwa msika, amene sindinkamudziwa, atagwira dzanja mwana wake wamkazi wa chipsera pamwendo, ndipo anakhala pafupi ndi mdzukulu wanga n'kumafunsa motsitsa mawu. Anabwera ana a m'mudzi, anabwera azimayi ochokera kumunda makasu ali paphewa. Ndinalipo ine, wa matope m'miyendo. Analipo mdzukulu wanga, akuyenda pakati pathu pang'onopang'ono kuti aliyense aone timapazi tija. Ndipo kumbuyo kwake, phazi ndi phazi, analipo asewere, akuimba nawo motsitsa, manja atawapinda pachifuwa kuti asatambasuke okha.